Kodi madzi angakwere mtunda okha?

Mayi wina wanditumizira imelo ataonera vidiyo pa Facebook. M'vidiyomo anyamata a ku Kituluni, pafupi ndi Machakos ku Kenya, akuthira madzi pamsewu ndipo madziwo akukwera mtunda. Galimoto yozimitsa injini nayonso ikukwera yokha. Mayiwa akufunsa ngati pansi pamenepo pali maginito, kapena ndi zamatsenga.

Mayi, zikomo kwambiri. Maginito palibe, matsenga palibenso. Msewuwo ndi wotsetsereka ndithu, madzi akutsika monga mwa nthawi zonse. Amene apusitsidwa ndi maso.

Ubongo wathu umadziwa choongoka poyerekeza ndi zimene zachizungulira: makoma, mitengo, makamaka mzere uja wakutali pamene thambo limakumana ndi dziko. Pamalo ngati Kituluni mapiri amaubisa mzerewo, ndipo zitunda za m'mbali mwa msewu n'zopendekera. Ubongo umatenga zitundazo ngati muyezo, basi msewu wotsika pang'ono n'kuoneka wokwera. Ku Scotland kulinso msewu wotere, amautcha Electric Brae.

Chimene chimandigwira mtima ndi kafukufuku wa akatswiri a zamaganizo, Herman Witkin ndi Solomon Asch, wa mu 1948. Ankakhazika munthu m'chipinda cha mdima bii, momwe ankangoona ndodo yowala mkati mwa felemu yowala. Felemuyo ankaipendeketsa, n'kumuuza munthuyo kuti aimike ndodo chilili. Ambiri ankaipendeketsa kutsata felemu, ali otsimikiza kuti yaongoka! Ena ankaphonya kwambiri, ena pang'ono chabe, choncho musadabwe mnzanu akakutsutsani pa chinthu chimene nonse mukuchiyang'ana.

M'kati mwa khutu muli timiyala ting'onoting'ono tomwe timauza thupi kumene kuli pansi. Koma kutsetsereka kukakhala kochepa, uthenga wa timiyalati umafooka ndipo maso amalamula.

Izi n'zofunika ngakhale pakhomo panu. Mukapachika chithunzi pafupi ndi zenera lokhota, chimaoneka chopendama ngakhale chili bwinobwino. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito sadalira diso pomanga. Amaika levulo pa njerwa n'kuyang'ana kathovu kaja ngati kakhala pakati, kapena amatambasula paipi yoonekera mkati yodzaza madzi kuchoka pangodya ina kufika ina, poti madziwo amalekeza pa mulingo umodzi mbali zonse ziwiri.

Mukadzafika ku Kituluni, nyamulani levulo, muigoneke pamsewupo motsata kumene madzi akuyenda. Kathovu kadzathawira kumbali imene madziwo akuchokera, chifukwa kumeneko ndiye kumtunda kwenikweni.