Kujambula vayolini m'tchalitchi kuno ku Chipata

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake vayolini ya mwana wanu imamveka yokanda mukaijambula ndi maiki ya kutchalitchi, komanso momwe mungajambulire gulu lawo la anthu anayi.

Vuto lalikulu ndi kuyandikitsa maiki. Ikakhala pafupi ndi zingwe imatola kukwecha kwa uta ndi kupuma kwa woyimba, kukoma kwa chidacho n'kutayika. Isunthireni patali mita imodzi kapena imodzi ndi theka, pamwamba pang'ono pa mutu wake, yoloza pathupi la vayolini. Maiki ya dynamic yomwe abusa amalalikirapo ija siyenera ntchitoyi. Bwerekani maiki ziwiri zofanana zazing'ono za mtundu wa condenser, womwe umatola mawu mwatsatanetsatane, koma dziwani kuti zimafuna phantom power ya 48V, magetsi odzera m'chingwe cha maiki.

Kwa anthu anayiwo, ine ndimakonda njira ya ORTF, yomwe idachokera ku wayilesi ya ku France: maiki ziwiri za cardioid (zotola kwambiri mawu ochokera kutsogolo), mitu yake italikirane masentimita 17, zitatseguka madigiri 110. Oyimbawo akhale mozungulira ngati mwezi watsopano, maiki mamita awiri kutsogolo kwawo. Cello (yonga vayolini koma yaikulu, ya mawu otsika) ikamveka yotsalira, musawonjezere maiki ina, ingomusendezani woyimbayo kutsogolo pang'ono.

Chenjerani ndi denga la malata. Mu Januwale ndidataya ntchito ya tsiku lonse, mvula itangoyamba kuwaza. Masana malata akatentha amalira "tho, tho", ndipo maiki imatola zonsezo. Jambulani m'mamawa, m'tchalitchi chotalikirana ndi Great East Road, kumene malole opita kumalire ku Mwami sangakusokonezeni.