Kodi kunyanja tiikeko geti ngati ku Venice?

Mayi wina wa ku Monkey Bay wanditumizira imelo. Akuti pa Tsiku la Anakubala, 15 Okutobala, maminibasi a ku Blantyre ndi Lilongwe amadzaza msewu, ndipo kukacha mchenga wonse uli mbwee mabotolo ndi majumbo. Funso lawo: bwanji osalipiritsa aliyense wobwera, ngati ku Ulaya?

Amayi, zimene mwamvazo n'zoona. Mu Epulo 2024 mzinda wa Venice, ku Italy, unayamba kulipiritsa ma euro 5 alendo obwera n'kubwerera tsiku lomwelo, pa masiku amene anthu amathithikana. Nawo a mzinda wa Barcelona, ku Spain, ati pofika 2028 athetsa ziphaso za nyumba zogonekamo alendo masiku ochepa, poti lendi yakwera mpaka eni mzinda kusowa pokhala.

Koma tapitani ku Cape Maclear Lachiwiri lina mu Febuluwale. Anyamata a maboti opita ku chilumba cha Thumbi mukawapeza akusewera bawo pamthunzi, kasitomala olo mmodzi. Ife alendo satichulukira chaka chonse. Amatikhuthukira masiku owerengeka, Isitala, Anakubala ndi Khirisimasi, pamalo omwewomwewo. Ndipo ambiri mwa iwo ndi Amalawi anzathu amene asonkherana kuti mayi awo akaone nyanja kamodzi. Amenewa tiwabweze pageti? Ine ayi. Kupaki ya Lake Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba monga mbuna, amalipiritsa kale, ndipo kumeneko n'zomveka.

Chimene chimandidya mtima ine ndi mipanda. Tsiku lina, pakati pa Mangochi Boma ndi Monkey Bay, ndinaona mayi atasenza beseni la mbale, mwana kumsana, akutsata khoma la njerwa la loji ina kufuna kanjira kotsikira kumadzi. Kanjirako n'kongokwana munthu mmodzi. Asodzi nawonso madooko akuwachepera, ndiye onse amakaunjikana pa kamchenga kotsalako, ochapa, oyanika usipa ndi alendo a pa minibasi aja. Kuthinana mukudandaulaku mbali ina kukuchokera pamenepa.

Ndikanakhala kukhonsolo, aliyense womanga m'mbali mwa nyanja ndikanamuuza asiye njira yoti ngolo n'kudutsa. Pa masiku otanganidwa aja ndikanalipiritsa poimika galimoto, ndalamayo ilipire achinyamata otola zinyalala ndi kumangira zimbudzi. Zimbudzi makamaka, amayi. Gulu lonselo likasowa kopita limathera m'madzi, ndipo likodzo limafala ndi mkodzo womwewo.