Yatsani heating lero, musadikire Disembala

Achemwali, poti mwati ndi dzinja lanu loyamba kuno ku UK ndipo muli ndi ana, kayatseni heating yanuyo lero lomwe, Okotobala yemwe uno. Zoti landilodi wanena kuti zonse zili bwino musazimvere. Mawu omwewo anandiuza ine ejenti wa nyumba yomwe tinkakhala kuno ku Leeds, ndipo ndikulemba pano mtima ukuwawa.

Amene munalipo mukukumbukira chisanu chija cha mu Disembala 2022, Khirisimasi itatsala pang'ono, misewu yonse ayisi yekhayekha. Boyila yathu, makina a gasi otenthetsa madzi ndi nyumba, inayamba kulira ngati munthu akuchukucha m'kamwa, kenako zii, kagalasi kake kakungophethira nambala. Madzi otentha kulibe, marediyeta, zitsulo zapakhoma zofunditsa zipinda zija, onse ozizira. Ndinaimbira ejenti m'mawa womwewo, akuti talemba. Kuimbanso, akuti mainjiniya onse atanganidwa. Tsiku lina mtsikana wa pa foniyo anandiuza kuti tiziphatikiza majuzi, poti anthu ochokera kotentha timamva kuzizira msanga. Ine wa ku Dedza, kondiphunzitsa za kuzizira! Lendi anali atatenga yonse pa 1, osachotsako ngakhale paundi imodzi.

Tinagula kahita ka magetsi kopemerera kaja. Kamadya mayunitsi 2 pa ola, ndipo nthawi imeneyo yunitsi inali cha m'ma 34p, ife tili pa mita yolipiriratu. Ukaika ndalama madzulo, pofika m'mawa mita ikulira. Ana ankagona atavala majekete ndi zipewa, akamayankhula mpweya ukuoneka m'chipinda.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndinali pa shifiti ya usiku kosamalira okalamba, abambo akunyumba alinso ku ntchito kwawo. Ana ndinawasiya ndi mlamu wanga, mtsikana wamng'ono amene anali atangofika kumene kuchokera kumudzi. Ndikulowa m'mawa, m'nyumba muli chete. Kuchipinda kulibe munthu. Chitseko cha kukhitchini chotseka, pansi pake atatsekapo ndi thawulo. Nditakankha ndinapeza matiresi ali pansi, mbaula ya gasi ikuyaka malo onse anayi, uvuni uli yasaa, mawindo akuchucha madzi. Wamkulu anadzutsa mutu n'kunena kuti amayi mutu ukundiwawa. Wamng'ono anali atasanzira pa bulangete, ndikamunyamula khosi likungoti lendee, maso akutsegula n'kutsekanso. Mlamu poti aimirire anagwira khoma, chizungulire. Ndinazimitsa gasi, kutsegula chitseko chakuseri ndi mawindo onse, n'kuwakokera panja pa ayisi pomwepo, wina pamsana wina m'manja, ine ndikadali mu yunifolomu, foni ikundipulumuka chifukwa cha kunjenjemera. Ndinkangomuitana dzina mwanayo kuti asagone. Ambulasi itabwera anawaika pa okosijeni, ndipo kuchipatala atayeza magazi anatiuza kuti ndi carbon monoxide, mpweya wapoizoni wochokera ku moto wa gasi uja. Anachira onse, Mulungu ndi wabwino, koma mpaka lero ndikaona mwana akugona kwambiri masana ndimakamugwedeza.

Mlamu wanga sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono. Anaona ana akunjenjemera, anachita zomwe akanachita ndi mbaula kwathu. Mlandu wanga uli ndi ejenti uja ndi landilodi wake. Kuyambira pa 1 Okotobala 2022 lamulo la ku England limati landilodi aike alamu ya carbon monoxide m'chipinda chilichonse momwe muli boyila. Boyila yathu inali m'khitchini momwemo, alamu munalibe. Kanthu ka mapaundi 20 kokha, kakanalira usiku womwewo ana asanafooke. Nditawauza zomwe zachitika, yankho linali loti mbaula yophikira si yotenthetsera nyumba. Pepani sanatuluke pakamwa pawo. Anthu opanda chisoni, amangokudziwa tsiku la lendi basi.

Ndiye mukudziwa chomwe chinavuta? Achimwene ena akutchalitchi kwathu, oyendetsa basi, atamva nkhaniyi anabwera madzulo ake. Sanatsegule boyila. Anapita kuseri kwa nyumba n'kundionetsa kapayipi koyera ka pulasitiki kotuluka pakhoma kupita mu dreni. Maboyila a masiku ano amatulutsa timadzi tikamagwira ntchito, timadzito timadutsa m'kapayipi kameneko, ndiye kukazizira kwambiri timaundana n'kutseka njira, boyila n'kudzizimitsa yokha. Anathirapo madzi ofunda a m'ketulo, osati owira chifukwa amang'alula pulasitiki, ayisi anatuluka, anadina reset, boyila n'kuyaka. Ndinakhala pansi n'kulira. Ejenti akanatha kundiuza zimenezi pa foni tsiku loyamba lomwe lija.

Ndiye inu chitani izi kusanazizire. Ikani thermostat, kachipangizo kosinthira kutentha kwa m'nyumba, pamwamba, heating iyake kwa kanthawi, muyende chipinda ndi chipinda mukugwira rediyeta iliyonse. Ikatentha pansi koma pamwamba pakuzizira, muli mpweya. Zimitsani heating, idikireni izizire, mutenge kakiyi ka rediyeta, amagulitsa motchipa m'mashopu a zipangizo zomangira, mupotokole pang'ono kabawuti ka pakona yapamwamba mutagwiriza kansalu. Mumva tsii, madzi akangoyamba kutuluka tsekani. Ikamatentha pamwamba pansi pakuzizira, m'katimo mwadzaza zinyalala, imeneyo ndi ntchito ya injiniya, auzeni eni nyumba. Mukatha onani kawotchi ka pulesha pa boyila, muvi ukhale pakati pa 1 ndi 1.5 bar boyila ili yozizira. Ukatsika pansi pa 1 boyila zambiri zimayamba kuvuta, ndipo ukamatsikatsika pafupipafupi ndiye kuti penapake pakudontha. Kapayipi kakunja kaja kapezeni lero, mukaveke chithovu chokutira mapayipi chija.

Koma chonde abale, boyila yeniyeniyo asakutsegulireni munthu wamba, kaya ndi achimwene akutchalitchi, kaya ndi amalume amene ankakonza mafiriji ku Limbe. Aliyense wogwira za gasi ayenera kukhala wolembetsedwa ku Gas Safe Register, ndipo amayenda ndi khadi lokhala ndi chithunzi chake, kuseri kwake kumalembedwa ntchito zomwe amaloledwa kugwira. Muuzeni akuonetseni asanalowe, musachite manyazi. Landilodi amayenera kuyezetsa gasi chaka chilichonse n'kukupatsani setifiketi yake, ena amati CP12. Ifunseni, muone deti. Dziwaninso kuti kuyeza kumeneku si sevisi, ambiri amachita koyezako kokha chifukwa ndi komwe lamulo limawakakamiza, ndiye funsani kuti sevisi inachitika liti.

Alamu ngati mulibe, lembani kuti abweretse, koma musawadikire, kaguleni yanu mawa. Ikakhalapo dinani batani muyimve ikulira. Moto wa gasi uzikhala wabuluu, ukamaoneka wachikasu pali vuto. Mutu ukamawawa banja lonse m'nyumba koma mukatuluka n'kumasiya, tulukani ndithu. Mukamva fungo la gasi nambala ndi 0800 111 999, ilembeni pa firiji. Makala, kaya mbaula yootchera nyama ija, zisalowe m'nyumba ngakhale kuzizire bwanji, ndipo aliyense amene mumamusiyira ana mumuuze zimenezi ndi pakamwa panu.

Ejenti musamamuimbire foni yokha, amakana kuti simunanene. Lembani imelo, muike chithunzi cha nambala yomwe ikuphethira pa boyila, munene kuti m'nyumba muli ana. Tchulani Section 11 ya Landlord and Tenant Act 1985, ndi imene imati kukonza heating ndi madzi otentha ndi udindo wa landilodi. Pemphani akubwerekeni mahita podikira. Akamazengereza pitani ku khonsolo, ku ofesi ya environmental health, kapena funsani mabungwe opereka uphungu a Shelter ndi a Citizens Advice, thandizo lawo ndi laulere. Lendi yokha musasiye kulipira ngakhale mtima ukuwawa chotani, mukasiya mwawapatsa chifukwa chokutulutsirani. Muziyankhula nawo mwaulemu, poti mawa mudzafuna kalata yawo posaka nyumba ina. Ine ndekha tsiku lomwe ndinapita ku ofesi kwawo ndinalalata mpaka anthu a mumsewu anaima, ndipo alamu anabwera nayo tsiku lomwelo.

Za bilu ndikudziwa zimaopsa, koma musamazimitsiretu heating kuti musunge ndalama. Yesetsani zipinda zomwe mumakhala zisatsike pansi pa madigiri 18, ndipo mukayanika zovala m'nyumba tsegulaniko windo pang'ono, apo ayi makoma achita chuku chakuda. Chimenechi ndi chomwe chinapha mwana wa zaka 2, Awaab Ishak, ku Rochdale mu 2020. Kwathu chinamera kuseri kwa wadirobu nthawi imene boyila inafa ija, ndipo potuluka m'nyumbamo anthu omwe aja anafuna kutidula dipoziti ati tawononga khoma. Zinatipulumutsa ndi zithunzi ndi maimelo, ndiye jambulani makoma onse panopa akadali oyera.