Malonda a pa boda ya Mwami, yankho kwa mng'ono wanga wa diploma

Mng'ono wanga funso lako ndaliona, wati unamaliza koleji koma ntchito kulibe, ufuna kudziwa malonda a pa boda timachita bwanji, komanso ngati munthu wa diploma angawachite osaona manyazi. Ndiyambe ndi manyaziwo chifukwa ine anandidya zaka ziwiri zathunthu.

Ine ndinaphunzira uphunzitsi wa pulaimale. Mapepala ndinawaika mu envelopu ya khaki pansi pa matilesi, mndandanda wa olembedwa ukatuluka ndimathamanga kukaona dzina langa, osalipeza, kubwera kunyumba kulira mu bafa kuti amai asamve. Azakhali anga amene ali ndi tebulo ku msika wa Kapata kuno ku Chipata ndiwo anati iwe kukhala pansi sikudzakubweretsera kalata, tiye ukandinyamulireko chikwama ku Lilongwe. Ndinapita mtima usakufuna, kumutu nditafunda chitenje kuopa anzanga a ku koleji.

Njira ndi yosavuta. Ukwera taxi mtauni ku Chipata mpaka pa Mwami, boda ya Zambia ndi Malawi, udinditsa pasipoti kapena border pass, uoloka, kenako Mchinji, minibasi mpaka Lilongwe. Kuyambira December 2022 pamene a Hichilema ndi a Chakwera anatsegula one stop border, sitimaimanso kawiri ngati kale, ma ofisala a misonkho, a ZRA ya Zambia ndi a MRA ya Malawi, umawapeza malo amodzi. Ine ndimabweretsa mpunga wa Kilombero, tiyi ndi Sobo, popita ndimanyamula sopo ndi mabisiketi a kuno. Koma usaone ngati katundu ndi yemweyo chaka chonse, chimene chikuyenda mwezi uno mwezi wa mawa chikhoza kukugonera.

Chachikulu chimene ndifuna umve ndi STR (Simplified Trade Regime) ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Ndi dongosolo la ife amalonda ang'onoang'ono: ngati katundu wako sakupitirira madola 2,000, ndipo ali pa mndandanda umene Zambia ndi Malawi anagwirizana, komanso anapangidwa kapena kulimidwa m'maiko omwewa, duty, msonkho wolowetsa katundu m'dziko, sulipira, umangolemba fomu yaifupi opanda kufuna agent. Tamva bwino, ndati duty, misonkho ina ngati VAT imakhalapobe pa katundu wina, ndiye usapite kukakangana ndi ofisala kuti ndinamva kuti ndi zaulere. Zinthu za ku China zimene wagula mu shopu ku Lilongwe sizilowa m'menemo ngakhale zikhale zochepa bwanji. Pa boda pali desiki yothandiza amalonda, munthu wake timamutcha TIDO, mufunse akuonetse mndandandawo usanagule kanthu, ndipo ulowe mu Cross Border Traders Association. Za m'munda zimafuna ma permit a zaulimi, ndipo malamulo ake amasintha, mu 2024 chilala chitavuta boma la Zambia linaletsa kutulutsa chimanga, amene sanamve anasiya matumba pa boda.

Za ndalama, usagone ndi kwacha ya dziko lina yambiri. November 2023 kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndinaona mai wina atakhala pa thumba lake mutu uli m'manja, mpamba wa miyezi itatu utasungunuka m'chikwama asanaugwire n'komwe. Posintha werenga wekha, pang'onopang'ono, ngakhale wosinthayo akufulumizitse kuti basi ikupita. Ndipo gula kope. Transport, wa njinga, wokweza katundu, chimbudzi cholipira, nsima ya masana, zonse lemba, phindu lenileni limaoneka ukachotsa tinthu ting'onoting'ono timeneti. Ambiri amagwa poti akagulitsa amaona ndalama yambiri m'manja n'kuiwala kuti theka ndi la oda yotsatira.

Adzakuuza za zalewa, njira za kutchire, kuti n'zotchipa. Ndinadutsako kamodzi ndi azakhali, mdima, anyamata osawadziwa atanyamula katundu wathu patsogolo ife tikutsatira m'chimanga cha eni ake, panjira ena anatiimitsa n'kufuna ya fanta yoposa imene tikanalipira pa geti. Akazi anzathu amakumana ndi zoipa kwambiri m'njira zimenezo ndipo alibe kokadandaula poti naonso anazemba. Sindinabwerereko.

Tsono chimene chinandisintha mtima ndi ichi. Tsiku lina pa mzere panali agogo ena, anali ndi matumba awiri a mpunga, mnyamata wina wovala tayi wagwira NRC yawo, chiphaso cha unzika, akuwauza kuti fomu ndi yovuta, amupatse ndalama awalembere. Ndinaona manja awo akunjenjemera pomasula mfundo ya chitenje. Ndinati agogo bwerani kuno, tinakhala pa simenti, ndinawawerengera mzere ndi mzere m'Chichewa, apa dzina, apa katundu, apa mtengo, iwo n'kusaina okha, zilembo zazikulu zokhota koma zawozawo. Anandiyang'ana n'kunena kuti mwanawe unaphunzira uli apa ukutani? Ndinasowa choyankha, koma sabata yotsatira anabwera ndi anzawo atatu akundifunafuna.

Pano Loweruka lililonse madzulo timakumana amai oposa khumi pa khonde la azakhali, chilimba chikatha ndimawaphunzitsa kuwerenga risiti, kusintha ndalama pa kakyuleta ya pa foni, ndi kulemba kope. Pa boda pano amandiitana aphunzitsi. Mu 2022 boma litalemba aziphunzitsi opitirira 30,000 ndinatulutsa envelopu ija, ndinaiyang'ana usiku wonse, mamawa ndinaibwezera n'kukwera taxi ya ku Mwami. Sindikunena kuti iwenso uchite choncho, ukaitanidwa pita, ana m'masukulu akufuna aphunzitsi. Malonda awa ndi olemetsa, msana umawawa, miyezi ina umabwera opanda kanthu ndipo penshoni kulibe.

Ngati mtima ulipo usayambe ndi ngongole ya kaloba, yamba ndi kochepa kamene ungapirire kakatayika, ndipo ulendo woyamba usagule zambiri, ungoona ndi kufunsa mitengo. Ine ndikuoloka Lachiwiri, timanyamuka 5 koloko mamawa. Tenga NRC, pasipoti ngati uli nayo, kope ndi bolopeni, uvale nsapato zoyendera.