Kodi ma blade server angathandize chipinda chanu cha maseva?

Bambo ena amene amayang'anira makompyuta pa kampani ina ya inshuwaransi kuno ku Lusaka andilembera imelo sabata ino. Akuti ali ndi maseva 9 (makompyuta amphamvu osunga deta ndi mapulogalamu a kampani) mu raki imodzi (shelefu yachitsulo yoikamo maseva), akuyembekezera kuti chaka chamawa afika pafupifupi 20, ndipo wogulitsa wina wawalangiza kuti agule ma blade server. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ubwino wake ndi wotani kwenikweni, kapena akungofuna kutigulitsa katundu wodula?"

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Ubwino ulipo ndithu, ndipo wonse umachokera pa chinthu chimodzi, chomwe ndi kugawana. Seva wamba ili ngati nyumba yoima payokha, yokhala ndi mita yake ya magetsi ndi mpopi wake, pamene ma blade ali ngati zipinda za mdadada zimene zimagwiritsa ntchito mita imodzi ndi mpopi umodzi. Blade iliyonse imakhala ndi purosesa ndi memory yakeyake, koma zopereka magetsi, mafani oziziritsa ndi ma switch (zipangizo zolumikiza makompyuta pa netiweki) zimakhala m'bokosi lalikulu lotchedwa chassis, momwe ma blade amalowetsedwa ngati madilowa. Kampani ya RLX Technologies ya ku Houston inayamba kugulitsa makina otere mu 2001, IBM inatulutsa BladeCenter mu 2002, ndipo ena anatsatira.

Tiyambe ndi malo. Msinkhu wa raki umayezedwa mu U: raki yodziwika imakhala ya 42U, ndipo 1U ndi mamilimita 44.45, choncho mukaidzaza ndi maseva a 1U mumaika 42 basi. Chassis ya HP ya c7000, imene inatuluka mu 2006, imatenga 10U n'kunyamula ma blade 16, chimodzimodzinso M1000e ya Dell. Machassis anayi otere amakwana mu raki imodzi, ndiye kuti maseva 64. Ngati mumalipira lendi ya raki pa data centre mwezi ndi mwezi, kusiyanaku mudzakuona pa bilu; ngati chipinda ndi chanu ndipo malo ndi ambiri, mfundo imeneyi isakutengeni mtima.

Chimene ine ndimachiyamikira kwambiri ndi nkhani ya zingwe, chifukwa ndinagwadapo kuseri kwa raki usiku, tochi ili kukamwa, ndikufufuza chingwe chimodzi pakati pa zingwe zolukanalukana ngati mizu ya kachere, mpaka ndinazula cholakwika n'kuzimitsa seva ya malipiro. Werengani nokha: maseva 16, iliyonse ili ndi zingwe ziwiri za magetsi ndi ziwiri za netiweki, ndi zingwe 64, tisanawerengenso zopita ku storage (makina osungira deta). Pa c7000 zopereka magetsi ndi 6 zokha, ndipo ma blade amalumikizana ndi ma switch m'kati mwa chassis momwemo, moti kunja kumatuluka zingwe zowerengeka. Blade ikawonongeka mumaisolola kutsogolo n'kulowetsa ina zinzake zikugwirabe ntchito, osakhudza chingwe ngakhale chimodzi. Cisco UCS, imene inabwera mu 2009, inawonjezera pamenepa: makonzedwe onse a seva amasungidwa mu service profile, kotero kuti blade yatsopano imatenga dzina ndi ma adiresi a imene yafa ija. Kwa munthu amene akusamalira maseva 20 yekha, kapena ndi womuthandiza mmodzi, kuona makina onse pa sikirini imodzi ali pa desiki pake n'kopeputsa ntchito zedi.

Pa magetsi m'pamene pafunika kusamala. N'zoona kuti zopereka magetsi zikuluzikulu zochepa ndi mafani akuluakulu zimawononga mphamvu yochepa poyerekeza ndi tizipangizo tambirimbiri ta m'maseva osiyana, koma mphamvu yonseyo imaunjikana pamalo amodzi. Chassis yodzaza imakoka makilowati angapo, ndipo magetsi onse amene makina adya amasanduka kutentha. Mukaima kuseri kwake mpweya umakuwombani ngati mwayandikira mbaula. Tonse tikukumbukira chilala cha 2024, pamene madzi anatsika ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse. M'chipinda chodzaza ma blade, jenereta ikachedwa kuyaka maseva amapitiriza kuyenda pa UPS (mabatire opereka magetsi akazima) koma ma air conditioner aima, ndipo m'mwezi wa Okutobala kutentha kumakwera m'mphindi zochepa chabe mpaka makina kudzizimitsa okha. Choncho musanaone n'komwe mtengo wa chassis, itanani katswiri wa magetsi ayeze ngati UPS, jenereta ndi zoziziritsira zanu zingasenze katunduyo.

Palinso mbali imene ogulitsa sakonda kuitchula. Chassis mumailipira yonse pa tsiku loyamba ngakhale muikemo ma blade atatu okha, ndipo phindu limayamba kuoneka ikayandikira kudzaza. Blade ya Dell siilowa mu chassis ya HP, ndiye mwadzimangirira kwa wopanga mmodzi kwa zaka zambiri, pamene zosinthira zimagulidwa kunja ndi madola. Ndiponso zonse zikakhala m'bokosi limodzi, vuto la bokosilo limagwetsa maseva onse nthawi imodzi. Sizichitika kawirikawiri, koma n'chifukwa chake odziwa ntchito amagula machassis awiri. Mitundu ya c7000 ndi M1000e ndaitchula ngati zitsanzo chabe, popeza inalowedwa m'malo ndi HPE Synergy ndi Dell MX7000, ndipo wina akakupatsani yakale pamtengo wotsika mufunse kaye za sapoti yake.

Kwa inuyo bambo, ndikanayamba ndi kufunsa ngati maseva 20 amenewo ayenera kukhala makina 20 enieni. Ndi virtualisation, njira yoyendetsa maseva ambiri ngati mapulogalamu m'makina amodzi, ntchito zambiri za kampani ngati yanu zimatha kukwana pa maseva wamba atatu kapena anayi amphamvu, ndipo zikatero chassis ingakhale yopanda kanthu kuposa theka. Koma mukawerengetsa n'kupeza kuti mukufunikadi makina enieni opitirira 10, malo ndi olipira, ndipo magetsi ndi kuziziritsa zili bwino, gulani ma blade. Muuze wogulitsayo alembe pa kotesheni makilowati amene chassis yodzaza idzakoke, komanso masiku amene chosinthira chimatenga kuti chifike ku Lusaka.