Oats wanga sakumera: yankho kwa mayi wofuna phala la njere zomeretsa

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina wokhala ku Leeds, ku England. Alemba kuti: "Ndinagula paketi ya oat groats, njere zathunthu zija, kuti ndizimeretse ngati mmene timachitira chimera kumudzi, ndiziphikira ana phala m'mawa. Ndinanyika usiku wonse, n'kuzisunga m'botolo masiku 4, koma palibe ngakhale imodzi yomera. Zangoyamba kunanda ndi kununkha kusasa. Ndalakwitsa pati?"

Mayi, manja anu alibe mlandu waukulu. Njere zimene munagulazo zinali zakufa kale musanazitulutse m'sitolo, ndipo mukanazisamala chotani sizikanamera. Za m'botolozo tayani, botolo mulitsuke ndi madzi otentha ndi sopo.

Chifukwa chake ndi mafuta. Oats ali ndi mafuta ambiri kuposa tirigu: pa magalamu 100 aliwonse muli mafuta pafupifupi magalamu 7, pomwe tirigu ali ndi 2 okha. M'njere momwemo mulinso enzayimu yotchedwa lipase, imene imayamba kuphwanya mafutawo njere ikangokandika pochotsa mankhusu. Ikasiyidwa choncho, oats amawawa n'kumamveka ngati sopo m'kamwa. Ndiye kufakitale akachotsa mankhusu amaziwotcha njerezo ndi nthunzi n'kuziumitsa pa moto kuti lipase ife. Kutentha komweko kumaphanso mtima wa njere, kaja kamene kamatulutsa muzu. Maso sangaone kusiyana, njere imaoneka yathunthu bwinobwino, koma kuimeretsa kuli ngati kubzala mtedza wokazinga. Oats wophwathalala wa m'mabokosi ngati Quaker kapena Jungle Oats ndiye musayese n'komwe, chimodzimodzinso wodulidwa tizidutswa uja Askotishi amamutcha pinhead.

Zimene mukufuna zimalembedwa kuti naked oats kapena hulless oats, ndipo papaketi pazikhala mawu akuti ndi zomeretsa, for sprouting. Uwu ndi mtundu wa oats umene mankhusu ake amathothoka okha popuntha, choncho njere zimafika kwa inu zaziwisi, zamoyo. Zimapezeka m'masitolo a zakudya zachilengedwe ndi kwa ogulitsa mbewu zomeretsa pa intaneti. Pali mitundu iwiri ina imene imameradi koma si yophikira ana. Wina ndi oats wa mahatchi, wokhala ndi mankhusu ake. Mankhusuwo ndi olimba, amabaya pakhosi, ndipo kuwachotsa njere zitanyowa n'kosatheka. Wina ndi mbewu yobzala kumunda, imene nthawi zambiri imakhala yopakidwa mankhwala, monga mbewu ya chimanga yofiira kapena yobiriwira ija tonse timaidziwa. Imeneyo isayandikire mphika.

Musanawononge kapu yathunthu, yesani kaye. Werengani njere 20, muziike pakansalu konyowa m'mbale, muvindikire ndi mbale ina, ndipo muziwaza madzi kansaluko kakayamba kuuma. Pakatha masiku 3 werengani zimene zatulutsa kamuzu koyera. Zikafika 16 kapena kupitirira, paketiyo ndi yabwino. Zikachepera theka, isiyeni ikhale yongophika, chifukwa njere zosamera ndi zimene zimaola m'botolo n'kuwononga zinzake.

Tsopano kameretsedwe kake. Tengani kapu imodzi ya njere zouma, pafupifupi magalamu 170, yokwanira phala la anthu 3 kapena 4. Zithireni palichero kapena pathireyi musankhe zosweka ndi zakuda. Zosweka sizimera, zimangotulutsa sitachi imene imadyetsa tizilombo. Tsukani kawiri kapena katatu mpaka madzi ayere, ndiye munyike m'makapu 3 a madzi ozizira akumwa.

Apa ndi pamene nzeru za chimera zimasocheretsa. Chimanga chimafuna kugona m'madzi masiku chifukwa khungu lake ndi lolimba. Oats wopanda mankhusu ndi wofewa, amamwa madzi msanga, ndipo maola 2 mpaka 4 amukwanira. Usiku wonse ndi wautali: njere zimakhuta madzi, zimasowa mpweya, zina zimaphulika. Mukafinya njere imodzi ndi chikhadabo n'kulowa mosavuta, yakhuta, tayani madzi.

Ikani njerezo m'botolo lagalasi la lita imodzi, lakukamwa kwakukulu, mumange kansalu kopyapyala pakamwa ndi labala. Litembenuzeni, lipendekeke m'mbale kuti madzi otsala azidontha ndipo mpweya uzilowa. Koma kunena zoona, sefa yawaya imaposa botolo pa oats. Njere zimayalika mopyapyala, madzi amatsika okha, ndipo kutsukuluza ndi kungoika sefa pansi pa mpopi. Ikhazikeni pa mbale, muivindikire ndi kansalu, ikhale pamthunzi.

Tsukuluzani ndi madzi ozizira maola 8 mpaka 12 aliwonse, m'mawa ndi madzulo, kenako mugwedeze mwamphamvu mpaka dontho lisiye kugwa. Kukhetsa madziku n'kofunika kuposa kutsukuluza kwenikweniko. Njere zizikhala zachinyontho, osati zomira. Kutentha koyenera ndi madigiri 18 mpaka 22. M'khitchini yozizira ya ku Leeds m'nyengo yachisanu zichedwako ndi tsiku, ndipo musaziike pa hita kuti zifulumire, mudzangoziwiritsa. Amene mukuwerenga muli kotentha, monga ku Chikwawa mu Okutobala, muzitsukuluza katatu kapena kanayi patsiku.

Kunanda pang'ono ngati therere kusakuopseni tsiku loyamba. Oats ali ndi beta-glucan, chinthu chimene chimasungunuka m'madzi n'kuchititsa phala lake kukhala lamatamata, ndipo kunanda kotereku kumachoka mukatsukuluza. Mphuno ndiyo ikuuzeni zoona. Njere zabwino zimanunkhira ngati udzu wongomweta kumene. Zikamveka kusasa, kapena ngati mowa, kapena ngati nsanza yonyowa, zaonongeka. Chinanso chimene chimapusitsa ambiri ndi tiubweya toyera timene timamera pamuzu njere zikamva ludzu. Si nkhungu. Mukathira madzi timagona n'kuzimirira, pomwe nkhungu imayanga ngati ukonde wa kangaude kuchokera panjere ina kupita pa ina, imakhala yotuwa, yobiriwira kapena yakuda, ndipo madzi saichotsa. Mukaona yotero tayani zonse, osasankhamo.

Funso lalikulu ndi lakuti mulekere pati. Pakatha maola 24 mpaka 48 muona kansonga koyera kakusuzumira kumapeto kwa njere, kotalika mamilimita 2 kapena 3, ngati kadzino ka mwana kongotuluka. Lekerani pamenepo. Chimera cha thobwa timachisiya mpaka mizu italike n'kulukana chifukwa timafuna mphamvu yake yosungunula phala. Njere ikamamera imapanga amylase, enzayimu yosandutsa sitachi kukhala shuga, ndipo n'chifukwa chake phala lolimba limasanduka madzi n'kutsekemera mukathiramo chimera. Pa oats wa kadzutsa mukufuna pang'ono chabe pa zimenezo. Mukadikira masiku 4 kapena 5, phala lanu likana kugwirana, limveka udzu, ndipo beta-glucan uja, amene amathandiza kutsitsa kolesterolo m'magazi, adzakhala atachepa kwambiri chifukwa nayenso amaphwanyidwa njere ikamamera. Phindu la kumeretsa kwakanthawi ndi lakuti njere zimapsa msanga, zimatsekemera zokha, ndipo phytic acid, amene amatchinga thupi kuti lisatenge bwino ayironi ndi zinki, amayamba kuchepa. Si mankhwala, ndi phala labwinopo basi.

Kuphika kuli pawiri. Ngati ana anu amakonda zotafuna, phikani njere zathunthu: kapu imodzi ya zomera, makapu 2 a madzi, kauzitsine ka mchere, moto wochepa, mphika wovindikira, mphindi 20 mpaka 25. Zosameretsa zimatenga mphindi 45 mpaka ola. Ngati mukufuna phala losalala, zisinjeni mumtondo kapena zipereni pang'ono m'blenda ndi kapu imodzi ya madzi, ndiye muphike mphindi 10 mpaka 15 mukutakasa kuti lisapserere pansi. Askotishi ali ndi kamtengo kawo kotakasira, spurtle, koma mthiko wanu ukwanira.

Kulimba kwa phala mukhoza kukulamulira ndi madzi oyambira. Amylase imagwira ntchito kwambiri pa madigiri 60 mpaka 70 ndipo imafa madzi akawira. Mukathira oats woperayo m'madzi ozizira n'kumatenthetsa pang'onopang'ono, enzayimu imapeza nthawi, phala limatuluka lamadzimadzi ndi lotsekemera, labwino kwa mwana wamng'ono chifukwa amamwa chakudya chambiri m'kambale kochepa. Mukathira m'madzi owira kale, limatuluka lolimba. Mkaka thirani kumapeto. Nsinjiro, masipuni 2 pa kapu, zilowe msanga kuti zipse nawo, kapena sipuni ya chiponde mukatsala pang'ono kuphula.

Musapere madzulo kuti mudzaphike m'mawa. Kumbukirani kuti njere izi n'zamoyo, lipase ija ilimo, ndipo mukangoziphwanya imakumana ndi mafuta n'kuyamba kuwawitsa. Perani pomwe mphika uli pamoto.

Ndipo muziphika ndithu, musamadye zaziwisi monga ena amachitira pozithira mu yogati. Chinyontho ndi kufunda zimene zimameretsa njere ndi zomwezo zimene tizilombo toyambitsa matenda monga Salmonella, Listeria ndi E. coli timakonda, ndipo kutsukuluza sikutichotsa tonse. Mu 2011 ku Germany anthu oposa 50 anamwalira ndi E. coli wochokera m'mbewu zomeretsa za fenugreek, chomera chokometsera zakudya, zimene zinkadyedwa zosaphika. Kwa ana, amayi oyembekezera, okalamba ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi n'chotsika, phala liwire bwinobwino.

Zotsala zikhetseni madzi, ziyanikeni pakansalu koyera ola limodzi kuti ziume kunja, muziike m'kontena yovindikira mufiriji. Zimakhala masiku 3, ndipo mizu imapitiriza kukula pang'onopang'ono ngakhale mozizira. Ngati mukufuna za sabata yonse, meretsani makapu 3 nthawi imodzi m'masefa awiri kuti zisaunjikane, ndiye mugawe m'timapepala tapulasitiki, kapu imodzi kalikonse, muike mufiriza. M'mawa n'kungokhuthulira kamodzi m'madzi owira osadikira kuti zisungunuke, n'kuwonjezera mphindi 5 pa nthawi yophika.

Paketi ya groats imene muli nayo kale musaitaye. Inyikeni usiku mufiriji, kapu imodzi m'makapu 3 a madzi, m'mawa muphike m'madzi omwewo mphindi 25 mpaka 30. Poti lipase yake inafa kale kufakitale, iyi ndiye mukhoza kuipera ndi kuisunga osaopa kuwawa.