Ma pack 30, K80,000 yapita, wosewera osatuluka: kodi akutibera?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina wa ku Chibavi, yemwe amagwira ntchito yokonza mafoni m'tauni muno. Ndaifupikitsa, koma mawu ndi ake:

"Achimwene, ndimasewera gemu ya mpira pa foni. Chiyambireni chaka chino ndawononga ndalama zoposa K80,000 kugula makoini. Ndatsegula ma pack 30 kufuna wosewera mmodzi yekha, koma amangotuluka anthu opanda ntchito. A pa YouTube amamupeza mosavuta. Kodi magemu amenewa amatisala ife a ku Africa kuno? Nanga mitengo ikungokwereranji? Pali njira yoti andibwezere ndalama zanga?"

Achimwene, zikomo polemba mosabisa. Ambiri amene aluza ndalama mwa njira imeneyi amangofera mumtima, kuopa kuti anzawo awaseka kuti adyeredwa ndi masewera a pa foni. K80,000 si ndalama yoti munthu n'kuiseka. Mwaikhetsera thukuta, ndipo kukwiya kwanu n'komveka.

Ndiyambe ndi nkhani ya kusalidwayo. Munthu ukamaona anzako akunja akukuwa ndi chimwemwe iwe ukungoluza, kukayika kumabwera ndithu. Koma kampani sifunika kudziwa kuti muli ku Chibavi kapena ku London kuti ikudyereni ndalama. Pack ndi bokosi lomwe mumagula osadziwa zam'kati, ndipo bokosilo adalipanga kuti ambiri olitsegula azituluka chimanjamanja, kulikonse kumene ali. Musanagulenso pack ina, fufuzani kabatani kakang'ono, kawirikawiri kamabisala pakona, kolembedwa kuti Probabilities kapena Drop Rates. Pamenepo ndi pomwe amalemba mwayi weniweni wopeza chinthu chilichonse cha m'bokosimo. Makampani sadayambe kulemba zimenezi mwa kufuna kwawo. Dziko la China lidawakakamiza mu 2017, Apple idaika lamulo lofanana kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo Google Play idatsatira mu 2019. Ngati gemu yanu mudaitenga pa Play Store, manambalawo ayenera kukhalapo.

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa yankho la funso lanu lagona apa. Tinene kuti mwayi wopeza wosewera mukumufunayo ndi 1 peresenti, ndipo pack iliyonse sikumbukira zomwe zidatuluka m'mbuyo. Anthu 100 atati aliyense atsegule ma pack 30 ngati inu, pafupifupi 74 mwa iwo sangamuone wosewerayo. Ndiye kuti zakuchitikiranizi ndi zomwe zimagwera anthu atatu mwa anayi alionse. Kuti mwayi wanu ungofika theka, pakufunika ma pack 69. Ngakhale onse atalimbikira mpaka ma pack 100 aliyense, anthu pafupifupi 37 angakhalebe osapata kanthu. Ambiri timaganiza kuti 1 peresenti ndiye kuti ukatsegula ka 100 basi watenga. Ayi ndithu. Pack ya nambala 31 sidziwa kuti mwadandaula ka 30. Mawu aja akuti "pano ndiye watsala pang'ono kutuluka" amachokera mumtima mwanu, mu gemumo mulibe. Komanso 1 peresenti ndatchulayi ndi yochuluka poyerekeza ndi zomwe zilipo. Mu gemu ya Genshin Impact mwayi woyambira wopeza munthu wa nyenyezi zisanu, yemwe ndi wosowa kwambiri, ndi 0.6 peresenti. Pa ma pack a FIFA Ultimate Team makhadi osowa kwambiri ankangowalemba kuti mwayi wake ndi wosafika 1 peresenti, osanena kuti watsika mpaka pati.

A pa YouTube asakupweteketseni mutu. Kutsegula ma pack ndi ntchito yawo, vidiyo ndiyo imawabwezera ndalama, ndipo ena amathandizidwa ndi makampani omwewo. Amatsegula mazanamazana, n'kudula zonse zosasangalatsa, inu n'kuona mphindi imodzi yokha yomwe adakuwa.

Dziwaninso kuti mabokosi sali a mtundu umodzi. Ena chinthu chikatuluka amachichotsamo, moti mukapitiriza mpaka bokosi litatha mudzachipeza ndithu chomwe mukufuna. Lucky Draw ya mu Call of Duty Mobile ndi yotere: muli zinthu 10, koma mtengo umakwera ulendo uliwonse mukazunguza, ndipo chinthu chachikulucho kawirikawiri chimatuluka kumapeto, mtengo utafika pamwamba. Ena amalonjeza kuti mukalephera kambirimbiri adzakupatsani, monga Genshin Impact yomwe imapereka wa nyenyezi zisanu mukafika ka 90 osapata. Pa mabokosi a mitundu imeneyi, mtengo woona wa chinthucho ndi ndalama zonse zofunika kuti mufike kumapeto. Muziwerengera pa mtengo umenewo. Mtengo wotsika wa ulendo woyamba adauika kuti mulowe, podziwa kuti munthu amene waponyamo kale ndalama zimamuvuta kubwerera.

Amayi ogulitsa kaunjika mumsika wa Mzuzu nawonso amagula belo osaona zam'kati. Nthawi zina muli majekete abwino oyenera kuzizira kwa kuno, nthawi zina nsanza zokhazokha. Koma ngakhale belo litaipa chotani, amaunjika zovalazo n'kugulitsa motchipa, ndalama ina n'kubwerera. Wosewera amene watuluka mu pack yanu simungamusandutse kwacha. Malamulo a magemu ambiri amanena poyera kuti zinthu za m'katimo ndi za kampani, inu mwangololedwa kuzigwiritsa ntchito, ndipo kugulitsa akaunti n'koletsedwa. Mu EA Sports FC, yomwe kale inali FIFA, timu yomwe mwaimanga mu Ultimate Team sisamukira mu gemu ya chaka chotsatira, mumayambanso. Ine ndiye ndimazitcha njuga, ndipo sindichita mantha kutero. Mumalipira ndalama yeniyeni, mwayi ndiwo umagamula, nyali ndi nyimbo za potsegula adazikonza kuti mtima uzigunda. Wobetcha mpira akawina amakatapa ndalama, pomwe inu ngakhale mutawina, m'thumba simulowa kanthu.

Mayiko ena adaiona kale nkhaniyi. Mu 2017 osewera adakwiya kwambiri ndi Star Wars Battlefront II ya kampani ya EA, mpaka kampaniyo idayimitsa kaye zogulitsa za m'katimo gemuyo itatsala maola ochepa kutuluka. Chaka chotsatira bungwe loyang'anira njuga ku Belgium lidagamula kuti mabokosi olipira ndi njuga, ndipo mu Januwale 2019 EA idasiya kugulitsa FIFA Points m'dzikomo. Ku Australia, kuyambira Sepitembala 2024, gemu yatsopano yokhala ndi mabokosi olipira imaikidwa m'gulu la M, losayenera ana osafika zaka 15. Mu Januwale 2025 eni ake a Genshin Impact adavomera kulipira madola 20 miliyoni ku bungwe la FTC loteteza ogula ku America, komanso kusiya kugulitsa mabokosiwa kwa ana osafika zaka 16 popanda chilolezo cha makolo. Si kulikonse kumene osewera adapambana: ku Netherlands khoti lalikulu lidathetsa chindapusa chomwe EA idapatsidwa, mu 2022.

Kuno kwathu mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kubetcha, ndipo tili ndi bungwe la MAGLA loyang'anira njuga ndi malotale. Koma mwana wa Sitandade 7 ku Mchengautuba atha kutsegula ma pack pa foni ya mayi ake usiku wonse popanda womufunsa zaka. Zimenezi zimandipweteka, ndipo ndikanakonda a MAGLA ndi aphungu athu akanayamba kuzikambirana. Inuyo achimwene, poti mafoni a anthu amadutsa m'manja mwanu tsiku ndi tsiku, mutha kuthandiza makolo ambiri. Mu Play Store muli poti mungatchere kuti foni izifunsa pasiwedi kapena chala nthawi iliyonse munthu akafuna kugula kanthu. Ntchito yake sitenga ngakhale mphindi ziwiri.

Za mitengo tsopano. Gawo lalikulu la kukwera mukukuonako lachokera kuno konkuno. Makoini ndi madayamondi mitengo yake imatsatira dola. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe dola imodzi idachoka pa K1,180 kapena chapompo kufika pa K1,700. Makoini a madola 10 omwe ankagulidwa pafupifupi K11,800 adadzuka ali K17,000, kampani isanasinthe nambala ngakhale imodzi. Uwu ndi mtengo wa ku banki. Poti ndalama zakunja zikusowa ndipo si aliyense ali ndi khadi yolipirira pa intaneti, achinyamata ambiri amagula kudzera kwa anthu a pa WhatsApp, kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Anthu amenewa amawerengera dola ya pamsika wosavomerezeka, yomwe mu 2025 inkadula kuposa kawiri ya ku banki, n'kuikaponso phindu lawo. Wophunzira wa ku Mzuni ndi mnzake wa ku Manchester akugula chinthu chimodzi, koma wa ku Mzuniyo akutulutsa gawo lalikulu kwambiri la ndalama zomwe ali nazo. Ngati pali kusalidwa, ine ndimakuona pamenepa.

Koma makampani nawonso ali ndi mbali yawo. N'chifukwa chiyani sakugulitsani pack mwachindunji, m'malo mwake amayamba akugulitsani makoini, madayamondi a Free Fire, UC ya PUBG Mobile kapena CP ya Call of Duty Mobile? Chifukwa "makoini 500" samveka kuwawa ngati "K12,000". Mukangosintha ndalama, mutu umasiya kuwerengera. Kenako amapanga kuti milu ya makoini isagwirizane ndi mitengo ya zinthu: chomwe mukufuna chili pa 1,000, koma milu yogulitsidwa ndi ya 800 kapena 1,500. Mumagula wochulukawo, otsala aja n'kumakuitanani kuti muwonjezere. Onjezani wotchi yowerengera chotsitsa yoti zitha pakadutsa masiku atatu, komanso wosewera watsopano amene amabwera patangopita milungu yochepa, woposa uja mudamuvutikira. Mu Malichi 2025 mabungwe oteteza ogula a mayiko a European Union adatulutsa mfundo zonena kuti mitengo ya m'magemu izionetsedwa mu ndalama zenizeni. Poyembekeza kuti zimenezo zifike kuno, chitani nokha. Tengani ndalama zomwe mudalipira, gawani ndi makoini omwe mudalandira, muone kuti pack imodzi ndi makwacha angati. Kwa inu, K80,000 pa ma pack 30 ndi pafupifupi K2,700 ulendo uliwonse mukadina batani lija. Pa mwayi wa 1 peresenti, ma pack 69 aja ongokufikitsani pa theka ndi ndalama zoposa K180,000.

Kubwezeredwa ndalama, ndinene zoona, n'kovuta. Google Play imalola kupempha m'maola 48 chigulireni, kupitirira apo amakuuzani kuti mukambirane ndi eni gemu. Kusakondwa ndi zomwe zatuluka mu pack sachitenga ngati chifukwa chokwanira, chifukwa kwa iwo mudalandira chomwe mudagula, chomwe ndi mwayi. Magemu ambiri akaona kuti mwabwezeredwa ndalama makoini mutagwiritsa kale ntchito, amakuikani pa ngongole ya makoini kapena kutseka akaunti. Zimasiyana ngati ndalama idachotsedwa inu osavomereza, monga mwana atadina mosadziwa. Pamenepo dandaulani msanga, lisiti ya pa imelo ili m'manja. Epic Games, eni ake a Fortnite, adavomera mu Disembala 2022 kubweza madola 245 miliyoni chifukwa cha mabatani omwe ankagulitsa anthu zinthu mosafuna, koma ndalamazo zidali za osewera a ku America. Ngati mudagula kudzera kwa munthu wa pa WhatsApp, ku Google kulibe dzina lanu, ndiye palibe pokadandaula. Ndipo chonde, wogulitsa aliyense wopempha pasiwedi ya akaunti yanu, kapena ya Facebook yomwe mudalumikiza ku gemu, mukaneni. Mutha kutaya timu yonse pamodzi ndi tsamba lanu.

Sindikukuuzani kuti musiye gemu. Mpira wa pa foni ndi wokoma, ndipo m'nyengo ya chiperoni ino, kukada msanga, umasonkhanitsa anyamata bwino. Ndikupemphani kuti musiye kugula zinthu zosaoneka. Ngati mukufuna kuikamo ndalama, ikani pa chinthu chomwe dzina lake ndi mtengo wake zalembedwa poyera musanalipire, monga wosewera wogulitsidwa mwachindunji kapena pass ya mwezi yomwe mphoto zake zonse mukuziona. Sankhani ndalama ya pamwezi tsiku lolandira malipiro, mutu uli bwinobwino, osati pakati pa usiku mutangogonja magemu atatu otsatizana. Ikatha yatha, ngakhale atabweretsa wosewera wotani.

K80,000 ija musaithamangire, chifukwa pack yotsatira singaibweze. Ngati mu akauntimo mwatsala makoini ochepa osakwana kugula kanthu, asiyeni akhale choncho, musawonjezere ndalama kuti akwane. Magemu ambiri a mpira amapereka makoini aulere pa zochitika za sabata ndi sabata. Adikireni amenewo, akakwana mugule wosewera amene mukumuona ndi maso.